Pampu Inayaka Tsiku la Maliro

Bokosi lake ndi lotuwa, laling'ono ngati sutikesi ya mwana wopita ku sekondale, ndipo analimangirira pa chitsulo m'munsi mwa masola, m'mbali mwa kamtsinje kathu kuno kumapiri a Ntchisi. A bungwe lina ndiwo anatibweretsera, pamodzi ndi pampu, thanki ya pamtunda ndi mipope yopita ku zigawo zinayi za madimba athu. M'bokosimo muli simukhadi ngati ya m'foni. Ukafuna kuthirira suchita kutsetsereka phiri. Umangolemba uthenga pafoni: poyamba nambala yachinsinsi, kenaka chigawo chimene madzi apite, kenaka maola ake. Bokosi likalandira limayatsa pampu, limatsegula mpope wa chigawocho, n'kukuyankha kuti latsegula. Ukalakwitsa nambala limakana.

Nambalayo anapatsa ine. Ndinaphunzitsa pa sukulu ya mishoni zaka zambiri, ndiye a komiti ya madimba anati aphunzitsi sangasokoneze. Komanso ankadziwa kuti ndine wapakamwa. Munthu wobwera kudzandinyengerera kuti ndimubere madzi akanabwerera makutu akutentha. Ndinanyada nazo, ndisaname. Polemba uthenga ndinkaphimba nambalayo ndi chikhatho ngakhale pakhomo pali nkhuku zokha.

Munthu mmodzi yekha ndiye ndinamuuza, amuna anga. Malungo anandigwetsa sabata yathunthu, maso osaona bwino, ndipo madimba a anthu sakanadikira kuti ndichire. Ndinawatchulira manambala anayiwo, iwo n'kulemba ndi chala chawo chachikulu chija, pang'onopang'ono, lilime lili panja.

Amuna anga si akuno. Anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Bowe, ndipo titakwatirana anabwera kudzakhala kwathu chikamwini, monga timachitira kuno. Abale anga ndi anthu a tchalitchi ndi sukulu kuyambira kwa makolo, ndipo sanawalandire ndi manja awiri. Pamaso ankati "alamu", kumbali ankati "tenanti uja". Bambo aja anamanga nyumba ya malata, anakumba chitsime chimene mudzi wonse umatunga, tinabereka ana atatu, koma mbuzi ikasowa m'mudzi maso ankayambabe kuyang'ana kwathu. Ine ndinkawamenyera nkhondo. Ndinayambanapo ndi alongo anga miyezi isanu osalankhulana chifukwa cha mawu oti tenantiwo.

Chaka chachiwiri cha pampu zinthu zinayamba kundidabwitsa. Dimba lathu lili m'chigawo chachitatu, malire ndi la akulu anga, amene ndinawaponda pamutu pobadwa. Mpope wathu ndi umodzi, pamodzi ndi mabanja ena ochepa. Chigawo chilichonse chinali ndi masiku ake, koma ndinkapeza nthaka ya chigawo chathu ili yonyowa pa tsiku limene silinali lathu. Sikunali kunyowa kwenikweni, kunali kongokwana kuti munthu wodziwa dothi aime n'kugwira. A chigawo chachinayi, amene amalandira madzi pomaliza, anayamba kudandaula kuti thanki ikumatha msanga. Mayi wina anandiuza tikutuluka m'tchalitchi, akumwetulira, kuti madzi a masiku ano ndi ophunzira, amadziwa pamene pali dimba la aphunzitsi.

Ndinamuyankha zomwe sindingalembe pano. Koma pofika kunyumba ndinatsegula foni n'kuwerenga mauthenga onse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Munalibe wina woposa amene ndinatumiza ndekha.

Amuna anga anayenda mpope wonse kufunafuna podontha, osapapeza. Pobwera anakhala pakhonde akuchotsa matope ku nsapato, n'kunena kuti, "Mayi, bokosi lija likumvera munthu wina."

"Limumvera bwanji wopanda nambala?" ndinatero. "Nambala tili nayo awiri basi, ine ndi inu."

Mawuwo atangotuluka ndinawayang'ana, ndipo anaona mmene ndinawayang'anira. Anapitiriza kukokota nsapato. Kuyambira tsikulo foni ndinkayenda nayo pa chitenje ngakhale popita kubafa. Akapempha kuti aimbire mwana wathu wa ku Lilongwe, ndinkaimba ndekha n'kuwapatsa, ndili chiimire pomwepo. Akabwera kudimba mochedwa ndinkafunsa kuti adzera kuti. Ndinafika mpaka pomayang'ana tomato wathu ndi diso loipa chifukwa choti akukula bwino.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunamwalira mkulu wa mpingo wathu. Kwathu kuno maliro akagwa m'mudzi palibe amene amagwira khasu kapena kuthirira mpaka thupi litaikidwa. Ngakhale mbewu zikufota ukuona, umangodutsa. Wophwanya lamuloli amatengedwa ngati wakondwera ndi imfayo, ndipo mawu otere akakumatira sachoka. Nthawi zambiri ndi tsiku limodzi kapena awiri. Koma mwana wa malemuwo anali ku Joni, ndipo anatumiza mawu kuti asaike bambo ake iye asanafike. Tinadikira masiku anayi. Tomato anali atangoyamba maluwa. Azimayi tili m'nyumba ya siwa tikuimba, koma aliyense mtima unali kudimba, ndinganame ndikati ine ayi.

M'mawa wa tsiku loika maliro foni yanga inathera moto. Ndinaipereka kwa amuna anga kuti akaitchaje pa sola ya kunyumba, poti iwo ankabwerera kukamwetsa nkhumba asanapite kumanda. Ndinazengereza popereka. Iwo anaona ndithu kuti dzanja langa likukanirira.

Njira ya kumanda kuchokera pa siwapo sidutsa kumadimba, imazungulira kuseri kwa phiri. Koma mkulu wa mpingo sapita kumanda asanalowe m'tchalitchi komaliza, ndipo kuchokera kutchalitchi njira imayenda pamwamba penipeni pa madimba athu. Tinatuluka masana, bokosi la maliro patsogolo, ife amvano pambuyo ndi zovala zathu zoyera, tikuimba. Titafika pokhota paja, amene anali kutsogolo anayamba kutsitsa mawu. Nyimbo inafa pang'onopang'ono mpaka kunatsala mayi mmodzi wogontha akuimba yekha. Ndinasuzumira kumunsi. Zigawo zitatu zinali mbuu, zouma. Chigawo chachitatu chinali chakuda ndi chinyontho, madzi akung'anima m'mizere, akuyenda bwinobwino pakati pa tomato wanga.

Anthu onse aja anatembenukira kwa ine. Akulu anga ankayenda pambali panga, ndipo ndiwo anayamba kulankhula, mokweza kuti a m'mbuyo amve.

"Foni yako ili kuti?"

Ndikanakhala chete. Koma manyazi anandigwira, ndipo ndinayankha mokweza chimodzimodzi kuti, "Ili ndi alamu anu."

Sindinaone pamene anatsitsa bokosi m'manda, sindinamve ulaliki. Ndinkangoyang'ana amuna anga tsidya lija pakati pa azibambo, chipewa chili m'manja, ndipo anthu oyandikana nawo ankasuntha pang'onopang'ono mpaka anatsala okha.

Tinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Foni inali pawindo, pa waya wake. Ndinaitsegula, ndipo munalibe uthenga wa tsikulo, wopita kapena wobwera.

"Mwafufuta," ndinatero.

"Sindinaigwire, mayi. Ndinangoilumikiza n'kutuluka."

"Ndiye pampu yadziyatsa yokha? Yamva chisoni ndi tomato?"

"Sindikudziwa. Koma si ine."

Ndinawauza kuti anene zoona, tikapepese limodzi, nkhuku zilipo. Ndinawauza kuti ndikumvetsa, tomato ndi thukuta lawo, munthu aliyense akanayesedwa. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kachitatu kuti, "Si ine." Apo ndiye ndinapsa mtima. Zaka zonse zija ndinkawateteza zinandibwerera ngati kuti anandipusitsa, ndipo ndinatola mawu omwe aja ndinkadana nawo m'kamwa mwa abale anga. Ndinati kuba madzi n'kwa ku esiteti, kumene anthu amabera bwana, asabweretse pano. Ndinati kwawo mwina maliro salemekeza, koma pano ndi pa anthu. Ndinati asaiwale kuti pakhomo pano anafika ndi chikwama chimodzi.

Kutacha anamwetsa nkhumba, anakonza chitseko cha khola chimene chinkavuta, anatenga chikwama ndi njinga. Khasu lawo anaimika kuseri kwa chitseko. Ine ndinali kusesa pabwalo, ndipo sindinaweramuke. Mumtima ndinkati apite, akaganize bwino, Loweruka abwera.

Amalume, amene ndi ankhoswe anga, anati ndiwasiye aziziritse mtima, mkamwini sapita kutali. Ndinakapereka nkhuku ziwiri kwa akuluakulu a m'mudzi ndi kwa anamfedwa, ndinagwada, ndinapepesa m'malo mwa amuna anga. A komiti anandilanda udindo, ndipo anaitana amisiri kuti adzasinthe nambala. Podikira, madzi ankatsegula pamanja wapampando wa komiti, akutsetsereka ndi kukwera phiri ndi mwendo wake wovuta uja. Akulu anga ankabwera kudzandicheza tsiku lililonse, kundibweretsera masamba, kundiuza kuti ndalimba mtima, kuti anthu amenewa sasintha.

Loweruka linadutsa, lina linadutsanso. Ndinamva kuti bambo aja abwerera ku esiteti yawo yakale ku Bowe.

Mmisiri anabwera patatha pafupifupi mwezi. Anali mayi, wa ovolosi yabuluu, pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. A komiti anandiitana kuti ndikapereke nambala yakale. Anthu ambiri anali m'madimba mwawo, ndipo ataona njinga anasendera pafupi. Mayiyo anatsegula bokosi ndi kiyi, analumikiza waya ku kompyuta yake yam'manja, nakhala pa mwala. Wapampando anamufotokozera za maliro, akundiyang'ana cham'mbali.

"Bokosili limasunga uthenga uliwonse umene lalandira," anatero mayiyo. "Tiyeni tione."

Anawerenga nthawi yaitali, akukwinya nkhope. Kenaka anapempha foni ya wapampando, foni yosweka galasi imene sinalembepo uthenga ku bokosilo chiyambire. Analemba chigawo ndi maola basi, nambala yachinsinsi osaikapo, n'kutumiza. Tinamva kuti tha m'bokosi muja, pampu n'kuyamba kung'ung'udza, ndipo madzi anatuluka m'chigawo choyamba tonse tikuona.

Ndinamufunsa kuti wachita chiyani.

Anati vuto lili m'mapangidwe a bokosilo. Likalandira uthenga wokhala ndi nambala, limaiyerekeza ndi imene likudziwa, ndipo ikalakwika limakana. Koma uthenga ukabwera wopanda nambala n'komwe, silifunsa, limangochita. Anati zili ngati mlonda amene amayang'anitsitsa chitupa cha aliyense womuonetsa, koma wodutsa manja ali m'thumba amamusiya. Yankho nalo limapita kwa wotumizayo, ndiye foni yanga sikanaona kanthu. Anawonjeza kuti mabokosi onse a mtundu umenewu ali choncho, ndipo ku ofesi kwawo anamva miyezi ingapo m'mbuyomo kuti akufunika kuwaika pulogalamu yatsopano, koma anayambira kufupi ndi tauni.

"Tinkati kuno kumapiri angazitulukire ndani," anatero, osandiyang'ana.

Ndinamuuza kuti kumapiri kuno kumakhala anthu, osati anyani. Ndinamuuza kuti zaka ziwiri ndakhala ndikuphimba foni ndi chikhatho ngati chitsiru, ndikulondera chitseko cha nyumba yopanda khoma kumbuyo. Ndinali ndi zambiri, koma wapampando anandigwira mkono n'kufunsa funso limene ine ndinkaliopa: wotumizayo ndani?

Mayiyo anati dzina bokosi silidziwa, koma nambala ya foni ilipo. Inali imodzi yokha, kuyambira mwezi wa Juni, kawiri kapena katatu pa sabata, theka la ola, nthawi zonse chigawo chachitatu. Tsiku la maliro inapempha maola atatu. Anayamba kuitchula, ndipo asanafike pakati ine ndinali nditaimaliza mumtima. Wapampando sankaidziwa. Anailemba pa foni yake yosweka ija n'kuimba.

Akulu anga anali chapafupi, m'dimba mwawo, akumangirira tomato ku timitengo, ngati kuti za pabokosi sizikuwakhudza. Nyimbo ya m'tchalitchi inayamba kulira pa chitenje chawo. Anaisiya ilire mpaka inatha yokha, manja ali pa mtengo wa tomato.

Sindinawakalipire pagulu. Anthu amene amandidziwa anadabwa, ena anakhumudwa poti anali atakonzekera kuonera. Ndinawatsatira kunyumba kwawo, n'kuwapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe.

"Achemwali, nambala munaitenga kuti?"

"Sindinaidziwepo," anatero. "Unkaiphimba iwe. Ndinkangoona zotsalazo ukamalemba. Tsiku lina mbewu zitafota ndinati ndingoyesa zimene ndinaonazo. Ndinadabwa madzi akutuluka."

"Ndiye tsiku la maliro?"

"Masiku anayi, mng'ono wanga. Unawaona wekha maluwa akuyoyoka. Ndinalemba tili m'siwa muja, foni ili m'kati mwa chitenje. Ndinkati anthu adzera kuseri kwa phiri. Ndinaiwala kuti mkulu wa mpingo amayamba walowa m'tchalitchi."

Izi zonse ndikanazimeza. Inenso maluwa aja ndinawalira. Koma ndinawafunsa za alamu awo, chifukwa chake anandifunsa za foni pamaso pa anthu akudziwa, chifukwa chake mwezi wathunthu ankandibweretsera masamba n'kumandiuza kuti ndalimba mtima.

Anayang'ana pansi. "Ine ndi wamvano, akanandidula mu mpingo. Ndinkati iwo aja angokwiya masiku awiri n'kubwerera. Apita kuti, poti kwawo n'kutali?"

Ndinaimirira n'kuchoka. Pa njira ndinkafuna kuwada ndi mtima wonse, koma zinkandikanika, chifukwa mawu akuti apita kuti anali omwe aja ndinkadziuza ine ndikusesa pabwalo.

Kutacha ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, minibasi, kenaka kabaza wina. Ndinafika pa esitetipo dzuwa lili pamutu. Anandilozera kudambo, ku nazale ya fodya. Ndinawaona patali, ataonda, makheni awiri m'manja, akutunga pachitsime n'kumathirira mabedi mmodzimmodzi, ntchito imene anaisiya asanamere imvi. Atandiona anatula makheni, anavula chipewa, anandipatsa moni wa ulemu wonse, kufunsa za ana, za nkhumba, za amalume. Ananditengera pamthunzi n'kundipatsa chidebe chovundikira kuti ndikhalire.

Ndinawafotokozera zonse, za mmisiri, za uthenga wopanda nambala, za foni imene inalira pa chitenje. Ndinati munanena zoona, bokosi linkamvera munthu wina. Ndinagwada pa dothi lonyowa lija n'kupepesa, ndipo ine sindinagwadirepo munthu ndi mtima wonse ngati tsiku limenelo. Ndinati tiyeni kunyumba, mudzi wonse wadziwa, amalume akufuna kukupepesani okha.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Za akulu anga sanadabwe, anangogwedeza mutu.

"Dzukani, mayi, mudetsa chitenje," anatero. Nditakhala anapitiriza. "Ine ndinakuuzani katatu kuti si ine. Bokosi lakuuzani kamodzi."

Ndinati ndinalakwa, mkwiyo unandipitirira.

"Mkwiyo ndimaudziwa, ndakhala nawo zaka zonsezi, sunandithamangitsepo. Koma ndifunse chimodzi. Bokosilo likanakhala kuti silisunga mauthenga, bwenzi lero muli pano?"

Yankho ndinali nalo, ndipo iwonso ankalidziwa. Bwenzi ndili kwathu, ndikudya masamba a akulu anga, ndikudikira kuti tenanti uja abwere adzavomere.

Anadikira pang'ono, kenaka anati mabedi aja akauma kapitawo awakalipira. Anamaliza mzere umene anausiya, ine ndikuonerera. Atatha anandinyamulira chikwama n'kundiperekeza mpaka pamsewu, monga timachitira ndi mlendo. Anaimitsa kabaza, anamuuza kuti ayende bwino ndi mayiwa, msewu ndi wokumbika. Ndinafunsa kuti abwera liti. Anati fodya akalowa m'shedi aona.

Fodya uja analowa, anagulitsidwa, wina anabzalidwa n'kulowanso. Ana amapita kukaona bambo awo, ndipo amabwera ndi shuga ndi moni wanga. Bokosi mmisiri uja analikonza tsiku lomwe anabwera lija. Tsopano ukatumiza uthenga wopanda nambala limakana. A komiti anandipempha kuti nditengenso udindo, ndinakana, ndipo nambala yatsopano sindikuidziwa. Akulu anga anawadula miyezi isanu ndi umodzi, anabwezeretsedwa, timakhala benchi imodzi Lamulungu. Tomato wathu amamwa mpope umodzi mpaka lero.

Sabata yatha mpini wa khasu la akulu anga unathyoka, ndipo anabwera pakhomo kudzabwereka lija lili kuseri kwa chitseko, poti likungokhala. Ndinawauza kuti eni ake kulibe, sindingabwereketse ndisanawafunse.